Mbale Zitatu ku Ngabu

Lolemba ndinayala mbale zitatu:
ina padzuwa, ina pansi pa mtengo wa nimu,
yachitatu ndinaimanga kukamwa ndi pulasitiki ya shuga.
Madzi ake ndi a pamjigo wakuseri kwa sukulu,
aja amakaniza sopo kuchita thovu.

Lachinayi ya padzuwa inali gwaa.
Ana makumi asanu ndi awiri anaizinga,
mapazi akuvinavina pa dothi lootcha.
Ndinafunsa: Mwaona chiyani?
Onse pamodzi, ngati achule a m'dambo: Atha!

Atha, inde. Komano mwaona chiyani?

Zuze anati yamwa ndi mbuzi ya a Alufandika.
Unaiona?
Ayi, koma ndimaidziwa mbuzi imene ija.
Tinaseka. Ndinadula bolodi pakati ndi choko,
kuno ZIMENE NDAONA, uko ZIMENE NDIKUGANIZA,
mbuzi ndinakaimangirira uko
mpaka apezeke woona ziboda zake.

Ena anati dzuwa lamwa,
ena kuti mbale yabooka; tinaitembenuza, ndi yabwinobwino.
Esinta anaviika kamtengo m'mbale ya pansi pa nimu
nati, Lolemba amafika apa, lero afika apa,
chala chili pa kamtengo, mawu akunjenjemera.
Ndinamuuza kuti abwereze mokweza
mpaka amve amene akugulitsa masau kumsewu.

Luwiza sananenepo kanthu kuyambira Januwale,
pamene madzi anawasamutsa ku Makhanga.
Amakhala kukhoma, kope lake n'lofufuma ngati mkate.
Ndinamuona atanjuta, akupala m'mbale youma ija,
chikhadabo chayera mbuu,
kenako analawa.

Munyu, anatero, osandiyang'ana.

Anzake phwiti: Ndi mchere, iwe!
Ndinalemba onse awiri, munyu ndi mchere,
mbali ya zoona ndi maso,
ngakhale izi zinaoneka ndi lilime.

Ndinati, Luwiza, Tchale wagona malungo kunyumba.
Umuuze bwanji kuti aione mbale ali pamphasa?
Anayamba m'Chisena, anathera m'Chichewa,
mawu akuwoloka ngati munthu woyesa kuya ndi ndodo:
Tinathira madzi. Tinadikira masiku atatu.
Madzi apita. Munyu sunapite nawo.
Wazungulira m'mbale ngati mzere wamatope
umene unatsala pakhoma la kwathu.

Palibe anaseka.

Yachitatu tinaipeza ikutuluka thukuta mkati,
timadontho tapachikika kunsi kwa pulasitiki.
Zuze ananyambita kamodzi, nati n'kozizira, kopanda mchere,
ndiye anakweza dzanja, koyamba chaka chino
asakupempha kupita kuseri:
Madamu, ngati madzi amakwera okha,
kodi Shire yense uja amakweranso?
Nanga akafika kumwamba amatsekedwa ndi chiyani?

Belu la chitsulo cha galimoto linalira.
Funso ndinalisiya pabolodi usiku wonse, osafufuta,
ndipo ndinapita nalo kunyumba pa njinga,
likugogoda ngati pedulo yomasuka.

Lachisanu m'mawa, tisanalowe,
ndinamva phokoso pabwalo.
Mbuzi ya a Alufandika ili pa mbale youma,
ikunyambita mchere, maso atatsinzina.
Zuze anathamanga, analanda choko m'dzanja langa,
nasamutsa mbuzi kuchoka uko kubwera kuno,
ndipo pansi pake, mwa zilembo zopindika, anaonjeza:
koma madzi sindinaione ikumwa.