Kamzere Kamodzi

Nditauza mayi kuti ndimalowetsa jini m'mabakiteriya
analavulira pambali:
"Majini? Mbuzi zanga zija zinapitira zimenezi?"
Sindinafotokozenso.

Lolemba ndinafesa.
M'botolo la msuzi wachikasu tizilombo tinachezera kugwedezeka,
kutacha msuzi utavunduka ngati Bua m'Januwale,
fungo la sokosi yonyowa.
Ndinatinamiza. Ndinatipatsira kalata ya mdani,
kachilombo kaja kashembe amalavulira m'magazi,
ndipo tinawerenga, tinamvera,
tinaumba puloteni ya eni
monga aganyu oumba njerwa za nyumba imene sadzagonamo.

Lachitatu ndinatiphwanya tonse.
Malipiro ake ndi omwewo.

Amene anachezapo chidulo ntchito yanga akuidziwa:
chitini chobowola, phulusa, madzi pamwamba,
kenako kudikira dontho.
Kungoti kuno zinyalala ndizo zimatsika,
chofunikacho chimakakamira m'kati.
Nditsuke, nditsukenso, nditsuke kachitatu,
ndiye ndichinyengerere kuti chitaye pomwe chagwira.

Magetsi anazima dontho lili m'njira.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
A Mbalaka, mlonda wathu, sanafunse kuti puloteni n'chiyani;
anapalasa njinga mpaka kwa ogulitsa nsomba pa Nkhotakota boma
nabwera ndi ayezi m'thumba la feteleza,
mamba a chambo ali mbee pamwamba pake.
Sabata yonse ya ntchito inagona m'menemo.

Jafali, mchimwene wanga,
unkagona masana pamulu wa mpunga wosapuntha
ife tikuti ulesi.
Katatu anakupatsa mankhwala a malungo.
Pamene mawu oti kaodzera ankatchulidwa
supuni inali itayamba kale kukugwa m'manja.
Chikanakhalapo choyezera msanga,
kadontho ka magazi pakapepala basi...
Ndisiye pomwepo. "Chikanakhalapo" sadzutsa munthu.

Lero ndakweza jelo kuwindo.
Kumanzere mizere yambirimbiri, chipwirikiti cha pamsika.
Kumanja kamzere kamodzi,
kobiriwira, kowonda ngati mphini ya patsaya,
pamalo pomwe ndinawerengera kuti kadzaima.

Zonse pamodzi sizidzaza supuni ya tiyi.
Mwina igwira ntchito. Mwina mwezi wamawa ndiyambiranso.
Pakabotolo ndalemba deti, nambala, kulemera kwake.
Dzina lako ndinayesa,
cholembera chinakana pagalasi lozizira.

Ndatseka furiji.
Panja a Mbalaka akutsuka thumba lawo lija,
akuti mwini ayezi akufuna ndalama yake lisanalowe.