Mzere wa pa Galasi

Lachiwiri usiku ku Trieste.
Mphepo ya bora ikugogoda mazenera a labotale
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Ndatsala ndekha, ine ndi firiji yong'ung'udza,
ndi timbale tagalasi
momwe maselo a khungu agona mothithikana,
phewa ndi phewa, osasiya poponda.

Ndatenga kansonga kapulasitiki,
ndakanda mzere pakati pawo, kwee!
Ntchito yanga ndi imeneyi: kuvulaza,
kenako kudikira.

Oyamba kulankhula ndi akufa.
Selo long'ambika limakhuthula zam'kati mwake,
oyandikana nalo n'kudzidzimuka.
Kashiamu amayaka mobiriwira pa sikirini,
kuchoka pa selo ili kulowa linalo,
ngati uthenga wa maliro wodumpha mipanda:
kwang'ambika, kwang'ambika uko.

Pambuyo pake pamabwera timapuloteni,
amithenga opanda miyendo, opanda pakamwa.
Timangofika pakhomo la selo
n'kukhala m'malo mwake ngati kiyi m'loko,
ndipo selo lomwe lakhala chikhalire chibadwire
limamasula zala zomwe linagwira nazo pansi,
limatambasula mlomo wopyapyala kutsogolo,
ligwire, lidzikoke, ligwirenso,
anzake ali ndondondo kumbuyo, osataya dzanja.
Palibe mwa iwo amene waliona tsidya linalo.
Angolondola komwe fungo lakula.

Pa ola lathunthu
sayenda mtunda wofika kunenepa kwa tsitsi limodzi.
Ndimamwa khofi wozizira, ndimawayang'ana.

Bambo anga, a Tullio,
anawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi ku Monfalcone
zaka makumi atatu ndi ziwiri.
Ming'alu yomwe manja awo anatseka
mpaka lero ikuyandama panyanja osadontha.
Koma pachidendene pawo pali bala
lalikulu ngati ndalama ya mayuro awiri,
mwezi wa khumi ndi umodzi uno.
Ndi shuga, amatero nesi Dragica
akamamasula bandeji Lachisanu lililonse,
atapuma mpweya pakamwa.

Ndikudziwa zomwe zikuchitika mmenemo.
Amithenga akutumidwa, inde,
koma akudulidwa panjira asanafike,
ndipo phokoso la kutupa silikutha.
Maselo a m'mphepete akuswana, akuunjikana,
akukwerana pamsana mpaka chikhungwa gwa,
ngati anthu odzadza padoko
amene palibe wawauza kuti kwerani.

“Nives,” anatero Lamlungu, phazi lili pampando,
“poti umacheza nawo usiku wonse,
ukawauzeko anga awa aleke ulesi.”
Ndinaseka. Nawonso anaseka.
Kenako tinangoti zii,
maso pa mpando winawo, wa pawindo,
womwe sitinausunthe zaka zitatu
ndipo sitiutchula.

Folo koloko m'bandakucha.
M'kambale kachitatu magulu awiri aja ayandikana.
Mlomo wina wakhudza unzake,
ndipo onse aima.
Nawo ndi uthenga umenewo: basi, wafika, ndine mnzako.
Akumangana, akugonanso phewa ndi phewa.
Ndikusaka pomwe ndinakanda, sindikupapeza.

M'kambale kachinayi
ndinathiramo madzi otengedwa m'mabala osapola.
Mzere uli yasa, mmene ndinausiyira dzulo.
Kamodzi kokha, kumanzere cha kumunsi,
kaselo kena katulutsa mlomo
n'kuubwezanso.

Ndikulemba nambala m'kope.
Sindilembamo kuti ndinakalankhula kaseloko,
mokweza, m'chipinda chopanda munthu.

Mphepo yatopa.
Basi yoyamba inyamuka isanakwane sikisi,
famase ya pakona atsegula mochedwerapo.
Pafunika thonje, bandeji ziwiri,
ndi buledi wopanda shuga amene iwo amadana naye.
Ndikawapeza ali maso, ndikudziwa,
wailesi ikunena za nyengo ya panyanja.
Ndikagwada, ndikatenga phazi lija m'manja,
ndikayang'ana m'mphepete mwake
ngati pali kamzere kotuwira, kopyapyala,
komwe kanalibe Lachisanu lapita.