Panado Watsala Angati

Magetsi apita kale kuno ku Kabwata.
Jenereta ya aneba ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
batire la laputopu likutha,
ndipo pa sikirini mzere umodzi wofiira
wadzibwereza kachikwi:
ndabwerera pomwe ndinali, ndabwerera pomwe ndinali,
mpaka mulu wonse gumu.

Pulogalamuyi si yaikulu ayi.
Ndi ya kasitolo ka mankhwala ku Kamwala,
ntchito yake kufunsa nkhokwe ya deta
kuti mabokosi a panado atsala angati.

Koma m'menemu muli antchito awiri.
Woyamba ndinamulemba ndine chaka chatha:
akafunsa amaima chilili pakhomo,
phazi osasuntha kufikira yankho litatuluka.
Winayo anamulemba Tikambenji asanasamukire ku Kitwe.
Iye amaponya funso, amvekere "mundiimbire,"
uyo wapita kukagwira zina.

Lachiwiri usiku, tulo tili m'maso,
ndinawamangira kamlatho kuti azimvana.
Lero ndathira "ndili pano" pa mzere uliwonse
ngati phulusa lolondolera mapazi a mbala,
ndipo taonani:
woima atuma woyenda,
woyenda apeza njira yatsekedwa ndi woima yemweyo,
akhotera pa kamlatho kanga,
kamlatho kam'bweza kwa woima,
woima atumanso,
minibasi yozungulira pa raundabauti ya Kafue
kondakitala akukuwabe kuti malo alipo.

Nkhokwe ili phee.
Palibe ndi mmodzi yemwe wafika kukaifunsa.

Ndaimbira Tikambenji, foni yati ali pa mzere wina.
Ndaimbanso. Chimodzimodzi.
Kenaka kauthenga kake mbwee:
"Iwe, ndikukuimbira, ukulankhula ndi ndani?"
Ndaseka ndekha mumdima
mpaka galu wa aneba wandiyankha.

Mbala ija ndi ine.
Mizere isanu ndi umodzi, dzina langa pamwamba pake.
Ndaigumula.
Woima ndamuphunzitsa mawu amodzi okha,
akuti dikira, koma podikirapo patukira ena adutse.
Ndasintha malo khumi ndi anayi,
ena ndinali nditaiwala kuti aliko.

Ndadina.
Fani ya laputopu yapuma.
Sikirini yati: makumi atatu ndi asanu ndi awiri.

Mawa m'mawa ndikwera basi ya ku Kamwala
ndikawerenge ndekha mabokosiwo pa shelefu.
Foni ili gada patebulo.
Sindiimba. Ndikutsuka kapu, ndikusaka kandulo,
iye akapeza mzere wotseguka.