Fumbi Loyenda

Okutobala uno ku Limbuli
tiyi wachita manyazi.
Nsonga zapindika, masamba apsa m'mbali
ngati owambidwa,
chikhalirecho moto sitinauone.

Dengu langa lapepuka.
Sikelo ya kapitawo sinama:
dzulo makilo khumi ndi awiri basi.

Mulipa, mnyamata wa galasi lokuza zinthu,
anakung'unthira nthambi papepala loyera
n'kugwada ngati wayamba pemphero.
Tabwerani muone, mayi Nahache.
Ndinaona fumbi.
Kenaka fumbilo linayenda.

Akuti ndi mathiripisi,
ndipo si fuko limodzi ayi.
Kachikasu aka n'kakwathu konkuno,
kofiirira aka kamakonda anyezi wa kudimba,
koma aka,
anakanda mutu,
aka n'kachilendo.
Kapena kanakwera lole ya mbande,
kubisala m'duwa,
n'kuwoloka Muloza popanda chiphaso.

Ndinaseka.
Makolo anganso anawolokera pomwepo,
mitolo pamutu,
kudzathyola tiyi yemweyu.

Kuseka kunathera pawindo la malipiro.
Kanthu kosafika ndi nsabwe yomwe
kadya fizi ya Jenala,
kadya sopo,
kadya malata awiri amene ndinalonjeza denga langa
chaka chatha, likundidonthera pamphasa.

Tsopano ndikaweruka ndimaima pamseu
kuyang'ana ngati mtambo wakhala pa Manene.
Mulipa akuti mvula yamkokomo ikagwa
idzatsuka tchire lonse,
nsonga zidzaphukanso zanthete.

Akunena izi akulemba manambala m'kope,
osaona kuti kamodzi
kakukwera chala chake chachikulu,
mosafulumira,
ngati mwini munda.