Kuseri kwa Buku la Kuchipatala

Ku Queens, Lachiwiri, mvula ikungoopseza,
dokotala Kalinde anatembenuza buku la bambo
n'kuyamba kujambula kuseri kwake:
ili ndi thumbo lalikulu, ichi chiwindi,
pakati pake mtsempha umodzi wonenepa.

Bambo, amene anakalambira m'ngalande za mapaipi a madzi,
anawerama. Paipi yaikulu iyi, anatero. Ndikuidziwa.

Selo imodzi, anatero dokotala, kanthu kosaoneka ndi maso,
imataya dzanja la inzake m'chotupamo,
imawonda, imakwawa,
imaboola khoma ngati muzu pa jointi yotha
n'kugwera m'magazi.
Zambiri zimafera m'njira,
asilikali a thupi amazithamangitsa ngati mavenda ku Limbe.
Koma ina imafunda tizigamba toundanitsa magazi
n'kudutsa pa rodibuloko osafunsidwa dzina.

Zochokera m'matumbo zimayamba zafika kuchiwindi,
monga za ku Ndirande zimatsikira mu Nasolo.
Uko njira zimapanikizana, selo imakakamira,
imazembera pa timipata ta khoma
n'kupeza malo atasesedwa kale,
poti chotupa chinatsogoza timaphukusi take
ngati munthu wopereka dipoziti ya puloti.
Imakhala phee. Miyezi. Nthawi zina zaka.
Osalipira lendi.

Tsiku lina imadzuka, imagawika,
ziwiri, zinayi, kamudzi,
n'kuitana timitsempha tatsopano toibweretsera chakudya.

Bambo anaseka, koyamba mwezi uno.
Kulumikiza madzi mwakuba!
Ndadula ambiri otere ku Bangwe, ku Mbayani,
wina anachita kubisa paipi pansi pa khola la nkhunda.
Ndiye vavu yake ili pati, adokotala?

Dokotala anavindikira bolopeni.
Anayankhula za mankhwala a m'diripi, za masabata,
za kubweranso Lachinayi ndi wowadikirira.
Ine ndinkawerenga madontho amene anajambula pachiwindipo.
Anali asanu. Limodzi inki inafalikira.

M'minibasi ya ku Chilobwe
anaika dzanja pansi pa nthiti zakumanja
n'kupendeketsa mutu,
monga ankachitira usiku, chitsulo kukhutu,
kumvetsera madzi othawa pansi pa tala.

Pa Kamba paipi inali itaphulika,
ana akutunga ndi zigubu, wina akusamba ndi malaya omwe.
Bambo anaiyang'ana mpaka khosi linakana.
Ya mainchesi anayi imeneyo, anatero.
Akanatseka kumtunda.