Kumsana kwa Chiphona

Lolemba nyumba yachifumu imatsekedwa.
Amatipatsa makwerero, ndowa ziwiri
ndi mswachi wofewa ngati wa khanda.
Mayi Oldroyd akuti: osakhula, uzingomusisita,
mwalawu unasemedwa agogo a agogo ako asanayamwe.

Ndakwera. Mphuno yanga ili pamphuno yake.
Kuno ku Yorkshire mvula siigwa, imangolendewera,
ndipo ndere zamumera m'ndevu, m'khwapa,
m'mipata ya zala zakumapazi.
Pamwamba pa mizati tiangelo tonenepa tikuliza malipenga,
koma pamutu pake nkhunda zalembapo zawo.
Ngwazi yonseyi, chimbudzi cha mbalame!

Akuti anapha mkango ndi manja okha.
Chikopa nachi, wachiyanika pachibonga
ngati thaulo la munthu wochokera kosamba,
iye n'kutsamira pomwepo, mutu uli zyoli.
Wosemayo sanamufune ali pankhondo.
Anadikira kuti aweruke.

Ntchito khumi ndi ziwiri, chikutero chikwangwani cha alendo.
Ndinaziwerenga zonse pa nthawi ya tiyi.
Yachisanu inandiseketsa ndekhandekha:
anamutuma kukayeretsa khola la mfumu ina,
ndowe za zaka makumi atatu,
ndipo atamaliza, mwini khola anakana kulipira.
Ndinati, achimwene, bwanji osanena kale
kuti ndife a ganyu imodzi?
Inu ndowe munazikokolola ndi mitsinje iwiri.
Ine ndili ndi ndowa,
madzi ake azizira ndisanafike paphewa.

Alendo amajambula kutsogolo:
chifuwa, mitsempha, ntchafu ngati mitondo.
Atsikana amaseka, n'kuloza pamene sanamuveke.
Koma kuseri kuno, pakati pa iye ndi khoma,
kumene kumafika makwerero ndi akangaude,
dzanja lamanja labisala pamsana
litafumbata zipatso zitatu.
Anayenda mpaka kothera dziko kukazithyola,
osalawa ngakhale chimodzi.
Zinali za womutuma.

Kufumbata koteroko ndimakudziwa.
Lachisanu foni imanjenjemera m'thumba: zalowa.
Pofika madzulo zili ku Mponela,
fizi ya Ndaziona, matumba awiri a feteleza,
malata amene mphepo inasasula mu Januwale.
M'manja mwanga mumatsala fungo la sopo.

Chala chake chachikulu chinathyoka kalekale,
wina anachilumikiza ndi mwala wa mtundu wina.
Ndikudutsitsa mswachi pamsokopo pang'onopang'ono
monga ndinkatsukira bala la bambo anga,
osafunsa ngati likupweteka.

Folo koloko, kunja kwada kale.
Basi ya ku Malton sidikira munthu.
Mayi Oldroyd akufuula pansi: wamaliza?
Ndati eya.
Koma pakati pa zipatso zitatuzo
ndasiyapo kandere kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo.
Iwo sakwera kuno, mawondo anawakana.

Akhale nako, achimwene.
Munthu wogwira ntchito chonchi
azikhala ndi kanthu kamoyo m'manja,
kamene sakapereka kwa wina aliyense.