Mpanda wa Theka

Kalata ya khonsolo yafika Lachiwiri:
madola ongokwanira mpanda wa mbali imodzi.
Delwyn Hrycan waipinda kanayi,
waitsamiritsa kapu ya khofi.

Bwalo lake ndi mzere umodzi wa phula
pakati pa minda ya tirigu ku Saskatchewan.
Ndege zisanu. Ziwiri n'zopopera mankhwala,
ina ya dokotala wobwera kamodzi pamwezi.

Bwana wa mumzinda anati: kamera pangodya iliyonse,
geti lotsekula ndi khadi, mlonda usiku wonse.
Delwyn anawerengetsa ndi pensulo yotafunidwa kumutu.
Mlonda mmodzi ameza ndalama yochotsera chipale chofewa,
ndipo bwalo lokwiririka silibedwa, n'zoona,
koma ndani angaterepo?

Chaka chatha wina anapopa mafuta usiku,
malita makumi anayi.
Loko watsopano anadya madola khumi ndi awiri, nkhani inatha.
Chaka chomwecho gwape anadumphira pa phula m'bandakucha,
mtsikana wa a Friesen akutera yekha koyamba.
Matayala aja akulirabe m'makutu mwa Delwyn.

Tsono mpanda uime kuti?
Kumsewu kochokera anthu,
kapena kumisondodzi kochokera nyama?

Wasankha kumisondodzi.
Mbali ya kumsewu waisiyira mayi Odile,
amene zenera la khitchini yawo limapenya geti,
amene chiuno chimawamana tulo,
odziwa galimoto iliyonse ndi katsokomoledwe kake.
Malipiro awo: kuwakankhira chipale pakhomo
khasu la thirakitala lisanakhudze bwalo.